Zithunzi Zimene Mwanamvua Anakana Kutumiza

Ophunzira uphunzitsi ine ndawalandira ambiri. Sukulu yathu ili m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, mukangopitirira pa Nkopola, ndipo chaka ndi chaka koleji imatitumizira achinyamata oti adzazolowere choko asanalandire satifiketi. Amati ali pa pulakatisi. Katundu ameneyu ahedi amatula kwa ine, Malita, poti ndine wakalekale pamalopa. Ndimawaonetsa pogona, ndimakhala kumbuyo kwa kalasi iwo akamaphunzitsa, ndipo ndimawakumbutsa kuti mphunzitsi sayankha foni ana akuona. Ambiri ndinawaiwala. Amabwera ndi nsapato zosongoka, mchenga wa kuno n'kuwaphunzitsa kudzichepetsa, kenako n'kumapita. Koma Mwanamvua Wadi sindidzamuiwala. Mpaka lero ndikamuganizira thupi limandichita tsembwe.

Anali wamfupi, wosalankhulalankhula, mpango wake wofunda kumutu wosita bwino nthawi zonse ngakhale magetsi atathima sabata yathunthu. Nyumba za aphunzitsi n'zochepa, ndiye ndinamupatsa chipinda m'nyumba mwanga. Mbiri yake ndinaimva pang'onopang'ono, tikamachapa kapena kusadzula masamba.

Kwawo ndi kutsidya kwa mlatho wa pa boma, njira ya ku Malindi. Bambo ake, Che Wadi, anali mlovi, wokoka makoka a eni ake, ndipo mayi ake ankayanika usipa pathandala. M'mudzi mwawomo amuna ambiri anapita ku Joni. Akangopeza kantchito, choyamba kutumiza kumudzi chinali foni, koma akazi ambiri olandira mafoniwo sankatha kuwerenga. Mwanamvua ndiye anali mtsikana wa sukulu pamalopo, choncho anasanduka maso a mudzi wonse. Ankamuitanira kuseri kwa nyumba, n'kumupatsira foni ndi manja awiri. Asanathe n'komwe msinkhu anali atawerenga za amuna amene akwatira kwina, za matenda osatchulika, za mimba zobwera mwini ali kutali. Mayi ake anangomupatsa lamulo limodzi: zimene wawerenga m'foni ya munthu uzizisiya pakhomo pomwepo, monga umasiyira nkhwayira polowa mu mzikiti. Anakula choncho, mutu wodzaza ndi nkhani za eni, pakamwa pali duu.

Ku koleji anakapeza phunziro la makompyuta. Anzake ankaliona ngati nthawi yopuma, poti makompyuta anali ochepa ndipo mphunzitsi wake ankalankhula motsitsa. Iye ndi amene anatchera khutu. Anandiuza kuti tsiku limene anamva za mmene akuba amalowera m'foni za anthu, anakumbukira amayi a kwawo aja, onse nambala yachinsinsi imodzimodzi imene anawaikira iye ali mwana. Tchuthi chitafika anayenda nyumba ndi nyumba kuwaphunzitsa kuti aliyense asankhe yake, ndipo iye ankatembenuka kuyang'ana kumbali pamene akuidina. Ena anakhumudwa nazo, ati mwana wa Che Wadi wayamba kutinyoza.

Tsono anafika pakati pa ife, anthu ophunzira bwino ndithu, koma pankhani ya foni tinali ngati nkhuku zogona panja. Wina nambala yake yachinsinsi ndi chaka chobadwa, chimene aliyense amachidziwa poti amadandaula za penshoni tsiku lililonse. Wina akusiya foni yosaloka kotchajitsa, pa gulosale, tsiku lonse. Wina akuimbiridwa ndi mlendo kuti tikukulowetsani m'gulu la mapemphero, tiwerengereni manambala amene abwerawo, iye n'kuwerenga mokweza ngati ali pa asembule. Mwanamvua sankalalikira. Ankadikira munthu amufunse, ndipo akamathandiza ankakubwezera foni yako kuti udine wekha. Ahedi athu, Che Nasir, anamukonda kwambiri. Ankati mwana uyu koleji yatipatsa mwangozi, akanayenera kupita ku banki.

Kuno tinazolowera alendo. Amachokera m'maloji, n'kuona ana akuphunzira pansi pa mtengo, misozi n'kulengeza, makamera n'kutuluka. Ena amaiwala akangokwera ndege. Ena amatumizadi mipira ndi mabuku, ndipo chipinda chimene timaphunzitsiramo Sitandade 8 anatimangira ndi mmodzi wa iwo. Chifukwa chake pakati pathu pali lamulo losalembedwa: wobwera ndi thandizo safunsidwa mafunso. Umalandira ndi manja awiri, mafunso ukafunsire kunyumba.

Teremu yachiwiri ya Mwanamvua ili mkati, uthenga unafika pa Fesibuku ya ahedi. Mkulu wina wa kunja, akuti anagonapo pa loji ina kuno, anaona mavuto athu, ndipo ali ndi bungwe lolipirira atsikana sukulu mpaka kusekondale. Dzina lake linali lovuta kutchula, anthu anangomutcha Mzungu wa Basale. Zimene ankafuna zinali zochepa, malinga ndi ahedi: chithunzi cha mtsikana aliyense wa Sitandade 7 ndi 8, chooneka thupi lonse, mpango atavula kuti nkhope ioneke bwino, dzina lake, zaka zake, ndi nambala ya foni ya kunyumba. Anyamata anati adzawaganizira mtsogolo.

Ahedi anaitana Mwanamvua mu ofesi, ine ndilipo. Foni yake ndiyo inali ndi kamera yabwino, Chingerezi chakenso chinali chosakhota.

"Madamu Wadi, mwayi uwu sudzabweranso," anatero. "Mawa muwajambule ana onse, mutumize lisanalowe dzuwa."

"Ahedi, mundilole ndimuone kaye munthuyu," anayankha.

Masana omwewo anakhala pakhonde panga, bandulo yake yomwe, ine ndikusuzumira paphewa pake. Anatenga chithunzi cha mkuluyo, chija akumwetulira atavala chipewa, n'kuchifufuza pa intaneti. Ine sindinkadziwa kuti chithunzi chimalondoledwa ngati mbuzi yosochera. Nkhope yomweyo inatulukira kwina ili ndi dzina lina, kwinanso ndi lina, ndipo mwini wake weniweni anaoneka kuti ndi dokotala wa mano wa dziko lina, amene mwina sanamvepo kuti kunja kuno kuli Mangochi. Bungwelo linalibe ofesi, linalibe adiresi. Tsamba la mkuluyo linali latsopano, ndipo anzake a pamenepo pafupifupi onse anali atsikana ang'onoang'ono.

M'mawa anakawaonetsa ahedi zonsezi. Iwo anavala magalasi, anayang'ana, anavula magalasi.

"Anthu amafanana, Madamu. Mwinanso amabisa nkhope yake poopa opemphapempha. Olemera amatero."

"Zitha kutheka, Ahedi. Koma ine sindijambula."

Sanakweze mawu. Anangonena ngati akuwauza kuti choko chatha. Ahedi anamukumbutsa mofatsa kuti lipoti lake la pulakatisi amalemba ndi iwo, ndipo wolephera pulakatisi salandira satifiketi. Mwanamvua anati akudziwa.

Nkhani inafika ku komiti ya sukulu. Wapampando wake anali a Simioni, mkulu wa boti ziwiri, munthu wachilungamo koma wosafuna kutsutsidwa ndi mwana. Atamupatsa mpata, Mwanamvua sanalankhule za intaneti. Anati: "Akuluakulu, munthu akafuna mwana wa eni, amafika pakhonde, amjomba, amalume a mwanayo, n'kumuona nkhope, n'kumufunsa kwawo. Uyu akufuna ana athu onse, nkhope zawo, zaka zawo, manambala a amayi awo. Ine ndikungopempha kuti nafenso timuone. Timuimbire foni ya vidiyo pompano, akomiti muli pomwepa. Akaonekera, ndijambula lero lomwe."

Palibe amene akanatsutsa zimenezo, poti ndiwo mwambo wathu. Anaimba. Mkuluyo sanayankhe. Analemba kuti kamera yake yafa. Akomiti anapempha kuti amve mawu ake okha, iye anati ali pamsonkhano. Tsiku lotsatira anatumiza uthenga waukali kwa ahedi, kuti sanaonepo anthu osayamika chonchi, ndipo thandizo lake alipititsa ku sukulu ina yodziwa ulemu.

Ine ndinati basi, wadziulula yekha. Koma mudzi sunaone choncho. Mudzi unaona basale ya atsikana ambirimbiri ikuuluka chifukwa cha kamtsikana kongobwera, kosalandira n'komwe malipiro. Nkhani inayenda pathandala, pamjigo, pachigayo. Anamutcha Madamu Nsanje, ati poti iye anaphunzira movutika sakufuna ana a anzake apeze pogwira. Ogulitsa tomato anasiya kumuikira basela. Akapereka salamu, ena ankayankha akuyang'ana pansi, ena osayankha n'komwe, chinthu chimene kuno munthu sachitira ngakhale mdani. A Simioni anadandaula ku koleji kuti mtsikanayo achotsedwe, ahedi nawo analemba lipoti lakuti ndi wosamvera akuluakulu. Koleji inayankha kuti ibwera kudzamva mbali zonse.

Iye anapitiriza kuphunzitsa masamu ake ngati palibe chachitika. Ine ndi amene ndinkachita kuphulika. Ndinakangana ndi theka la msika, mpaka mwana wanga anandiletsa kupita kogula ndiwo.

Loweruka lina m'mawa, msonkhano wa koleji utatsala pang'ono, tikuchapa kuseri, tinamva odi wa munthu wotopa. Anali ahedi. Kumbuyo kwawo kunali mlongo wawo, mayi wamasiye, ndi mwana wake wa Sitandade 8. Mwanayo ndimutcha Yasmin, ngakhale si dzina lake. Ndinatulutsa mpando, koma ahedi sanakhalepo. Anakhala pansi, pa sitepe ya khonde, kofia atagwira m'manja. Zaka zonse zimene ndagwira nawo ntchito ndinali ndisanawaonepo atakhala chotero.

"Madamu Wadi," anatero, "sindinabwere ngati hedi. Ndabwera ngati mjomba wa mwana uyu."

Kwa ife mwana wa mlongo wako ndi katundu wako. Akasowa yunifolomu, anthu saloza bambo ake, amaloza iwe. Tsiku lomwe Mwanamvua anakana, ahedi anaganiza kuti mwayi ukathawa ena onse, usathawe magazi awo. Anamujambula okha Yasmin, n'kutumiza chithunzi, dzina, ndi nambala ya foni ya mayi ake. Mayiwo satha kuwerenga, ndiye mauthenga onse ankawerenga ndi mwanayo. Poyamba mkuluyo ankalemba zokoma, kumutcha mwana wanga, kumutumizira mayunitsi. Kenako anapempha chithunzi china, mwanayo ali yekha, tsitsi lili pamtunda. Mwana anatumiza, poti amalume ake anamuuza kuti munthuyu ndi wothandiza. Pambuyo pake anayamba kupempha zimene mwana sayenera kupemphedwa, ndipo Yasmin atakana, anamuopseza kuti atenga nkhope yake, aiphatikize pa zithunzi zonyansa, Mangochi yense aone. Mwanayo anasiya kudya. Mayi ake anamupeza akulira m'bafa, foni ili m'manja.

Ndinayang'ana Mwanamvua. Chikhala ine, mawu oyamba akanakhala akuti ndinanena ine, ndipo ndikanawanena mpaka mawa. Iye anapukuta thovu m'manja ndi chitenje, anadutsa ahedi ngati sanawaone, n'kukagwada patsogolo pa mwanayo.

"Ndiyang'ane," anatero. "Iwe sunalakwe. Wamva? Wolakwa ndi munthu wamkulu amene ananamiza mwana. Wachita bwino kukana, wachitanso bwino kuulula."

Atatero anayamba ntchito, ndipo ine ndinangoti kakasi. Anati musafufute uthenga uliwonse, ndi umboni umenewo. Musamuyankhe, musamupemphe chifundo, musamutumizire kanthu. Anajambula mauthenga onse ndi foni ya mayiyo yomwe. Ahedi atati awatumize ku foni ya Mwanamvua kuti asungike bwino, iye anakana. "M'foni mwanga musalowe kalikonse ka mwana uyu. Foni imatayika." Sanawanamize. Anawauza kuti chithunzi chimene chapita sichiitanidwa, koma anthu oterewa akaona kuti mwana sali yekha ndipo sakuyankhidwa, ambiri amasiya. Tsiku lomwelo anapita nawo pa boma, ku ofesi ya apolisi yoona za amayi ndi ana, koma anati akwere minibasi zosiyana kuti pasakhale wowaona limodzi. Kumeneko anapempha kuti sukulu zina zichenjezedwe popanda kutchula mwana kapena mudzi. Pobwera, mayiwo anali ndi nambala yatsopano, yakaleyo itatsala ndi apolisi. Lolemba ahedi analengeza kuti palibe mphunzitsi amene adzatumizenso chithunzi cha mwana kwa munthu aliyense, ndipo aphunzitsi anangoti akuluwa akwiyira mzungu uja.

Ine mtima unakhala pansi. Ndinati tsopano zatha, koleji ikabwera ahedi anene zoona, mudzi wonse upepese. Ndinayamba kale kukonza mawu oti ndidzawalase nawo a Simioni. Koma nditamuuza Mwanamvua, anapukusa mutu.

"Amayi, mudzi uno ndi waung'ono. Ahedi akangoti mwana wina, dzuwa lisanalowe akhala atamupeza. Lero anena kuti ankalemberana ndi mzungu. Mawa zikhala zoti anatumiza zithunzi ali mbulanda. Mkuja anena kuti anagona ku loji. Mukuwadziwa anthu anu kuposa ine."

"Ndiye auzidwe a ku koleji okha, kumbali."

"Akauzidwa alemba, ndiyo ntchito yawo. Pepala likachoka pano lidutsa m'manja angati? Ndipo a Simioni akaona kuti nkhani yasintha mwakachetechete, sagona mpaka adziwe chifukwa."

"Iwe mwana, ukudziwa chimene ukutaya? Bambo ako akukoka makoka akudikira iwe."

"Ndikudziwa, Amayi. Ine nditaya teremu, mwina chaka. Zimenezo zimabwerera. Mwanayu akataya dzina sadzalipezanso, ndipo mayeso ake ali pafupi."

Ndinakwiya naye, ndinene zoona. Ndinamenyetsa chitseko. Koma khoswe wa pamkhate sapheka, ndipo mkhate wake unali mwana wa eni. Mwanamvua anakawauzanso ahedi zomwezo.

Msonkhano unachitikira m'kalasi la Sitandade 8, masana, malata akuthetheka ndi dzuwa. Kuchokera ku koleji kunabwera mayi wina wamagalasi, wolemba chilichonse. Makolo anadzaza mpaka m'mawindo. Mayi a Yasmin anakhala kumbuyo kwenikweni, mpango atatseka nawo pakamwa.

A Simioni analankhula nthawi yaitali, za ulemu, za alendo amene anatimangira chipinda chomwe tinakhalamo, za ana a masiku ano amene akagwira foni amaona ngati agwira dziko. Zimenezo sizinandipweteke. Chinandipweteka ndi mayi wina wouma thupi, wogulitsa nkhuni, amene anaimirira n'kufunsa mosakalipa: "Madamu, wanga ndi wanzeru, mukumudziwa. Akasankhidwa kusekondale, adzamulipirira ndani? Inu?" Anthuwa sanali oipa. Anali ndi ana, ndipo anaona khomo likutsekedwa.

Mayi wa ku koleji anatembenukira kwa ahedi. "Lipoti ili munalemba ndinu. Muli ndi choonjezera?"

Ahedi anaimirira. Anagwira desiki. Ndinawaona kuti alephera kupirira, munthu wopemphera sangaone wosalakwa akuweruzidwa chifukwa cha iye. "Abale anga," anayamba, "pali zimene simukuzidziwa. Munthu uja sanali monga tinkaganizira. Ine mwini ndina..."

"Ahedi, dikirani."

Anali Mwanamvua. Mtsikana wa pulakatisi kudula mawu ahedi, pamaso pa makolo, pamaso pa koleji imene yabwera kudzafufuza ngati iye ndi wamwano. Ndinamva mayi wina akuti mwaonatu. Mwanamvua anadziwa bwino lomwe chimene wachita. Anadzuka pa benchi, anayenda mpaka kutsogolo, n'kugwada pa simenti, maso ake ali pa ahedi. Anawayang'ana mpaka iwo anakhala pansi.

"Mlandu ndi wanga, ndiyankhe ndekha," anatero. "Makolo anga, ndakukhumudwitsani, ndipo ndikupepesa kuchokera pansi pa mtima. Amayi mwafunsa za mwana wanu, ndilibe yankho, ndilibe chomulipirira. Ahedi anandituma, ndinakana, zimenezo n'zoona, alembazo si zabodza. Koma zithunzi za ana anu sindikanatumiza kwa munthu wokana kuonetsa nkhope yake. Mutandituma lero ndikananso. Ndipo ndikupempha, ine ndikachoka, wina akadzabwera ndi pempho ngati lomweli, mudzamuone kaye."

Mayi wa ku koleji anamufunsa ngati ali ndi umboni wina woposa chithunzi chija chofanana ndi dokotala wa mano. Mwanamvua anati: "Zimene ndingaonetse pano ndi zomwezo." Ngakhale pamenepo sananame.

Ndakhala m'matchalitchi moyo wanga wonse, ndamva maulaliki a anthu odzipereka chifukwa cha anzawo, koma ndinali ndisanazione ndi maso. Tsiku limenelo ndinaziona, pa simenti yong'aluka ya kalasi yathu, kwa mwana wa mlovi amene ndinkamudzudzula chifukwa cholemba mopendekera pa bolodi. Ndinachita mantha, mantha enieni, ngati ndaima pafupi ndi chinthu chachikulu kundiposa.

Chigamulo chinali chakuti achoke pa sukulu yathu, teremu imeneyo isawerengedwe, adzabwereze kwina pamodzi ndi gulu la m'mbuyo mwake. Mayi wa ku koleji anandiuza potuluka kuti mfundo ya mtsikanayo inali yomveka, koma mphunzitsi sangagwire ntchito pamene makolo ndi ahedi samufuna, komanso mwano uja anauona yekha. Ndinangoti zikomo.

Anabwerezadi, anzake atavala kale mikanjo. Pano akuphunzitsa kumapiri, cha ku Namwera, ndipo ndimamva kuti aphunzitsi a zoni yonse amapita kwa iye foni zikawavuta. Mkulu uja sanamvekenso, ndipo chithunzi chija sitinachionepo paliponse. Nkhaniyi ndaisunga zaka zonsezi. Ndikuilemba lero chifukwa Yasmin, amene tsopano ndi wamkulu ndipo ali kutali ndi kuno, anandiuza yekha kuti ndiilembe, amalume ake nawonso anavomera. Mwanamvua ndikudziwa kuti andikalipira.

Tsiku lochoka ndinamuperekeza pamsewu m'mawa, ine chikwama, iye ndowa ndi matiresi opinda. Ahedi anatuma munthu kudzanena kuti akudwala, ndipo ndikhulupirira kuti ankadwaladi. Pa siteji panali anthu ambiri, amayi a mabeseni a nsomba, anyamata a kabaza, madala a bawo pansi pa mtengo. Onse anationa. Palibe amene anati muyende bwino. Wina anaseka kumbuyo kwathu, ndipo ine ndinatembenuka kuti ndimuyankhe, koma Mwanamvua anandigwira dzanja.

Nthawi yomweyo ana a Sitandade 8 ankadutsa kupita ku sukulu. Yasmin anali pakati pa anzake, makope atakumbatira pachifuwa, akukangana za masamu a dzulo, wina akumukoka mpango, iye akuseka. Anadutsa pamaso pa amayi a nsomba, pamaso pa a kabaza, pamaso pa madala a bawo. Maso onse a pa siteji anali pa Madamu Nsanje ndi matiresi ake.

Minibasi inaima, kondakitala anaponya katundu kumbuyo. Mwanamvua anali akuyang'anabe anawo mpaka anakhota pa geti ya sukulu. Kenako anatembenukira kwa ine, nkhope ili ngwee ngati munthu amene walandira satifiketi, n'kundinong'oneza:

"Mwaona, Amayi? Palibe ndi mmodzi yemwe amene wamuyang'ana."